Zaka zinayi si zophunzira kudina mabatani

Anzanga aphunzitsi, komanso inu ana anga akale amene mumandiwerenga, lero ndabwera ndi mkangano, ndipo wofuna kundikwiyira andikwiyire. Nkhani yake ndi ya maphunziro a utolankhani m'sukulu zathu za ukachenjede. Ikutikhudza chifukwa ana amene amakalowa m'makalasi amenewo timawatumiza ndife, ndipo fizi yake makolo amaipeza atagulitsa fodya, soya kapena mbuzi. Masiku ano aliyense amene wapatsidwa mpata wolankhula za tsogolo la ntchitoyi akuimba nyimbo imodzi: dziko lasintha, zonse zapita pa intaneti, choncho sukulu zigule makamera atsopano, zimange masitudiyo, ndipo kosi iliyonse ipatsidwe dzina loyamba ndi "digital". Ine ndikuti njira imeneyi ikutayitsa ana nthawi, makolo ndalama.

Taonani mmene zinthu zathamangira pa moyo wa munthu wa msinkhu wangawu. Tikukula, wailesi inali imodzi, MBC, ndipo chimene yanena chinali chomwecho. Nthawi ya riferendamu ya pa 14 June 1993 nyuzipepala zinaphuka ngati bowa. The Nation ya malemu Aleke Banda inayamba chaka chomwecho ndipo ilipo mpaka lero, koma zinzake zambiri zinafa pasanapite zaka zingati. Mu 1998 kunabwera lamulo limene linakhazikitsa MACRA, mawailesi omwe si aboma n'kuyamba kumveka. Kanema wa boma anatsegulidwa mu 1999. Zodiak inayamba mu 2005, Nyasa Times ya pa intaneti mu 2006. Kenako Facebook, kenako WhatsApp, kenako TikTok, ndipo kumapeto kwa 2022 kunatulukira ChatGPT yolemba yokha nkhani m'Chingerezi chosalala. Mtolankhani amene anayamba ntchito ndi taipi ndi kaseti, lero amajambula mawu, zithunzi ndi kanema pa foni imodzi ya m'thumba.

Tsono tawerengerani. Digiri ndi zaka zinayi. Silabasi isanafike m'kalasi imayamba yakambidwa m'makomiti, yavomerezedwa ndi akuluakulu a sukulu, yaunikidwa ndi a NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede. Zipangizo n'zogula kunja, ndi madola omwewa amene dziko limawasowa pogula mafuta ndi mankhwala. Pofika tsiku loti mwana avale gauni, pulogalamu ya pa kompyuta imene anaiphunzira chaka choyamba yasintha nkhope kawiri, mwinanso eni ake anaitaya. Sukulu imene yasankha kuthamangitsana ndi makina yalowa mpikisano umene singapambane. Komanso tisanamizane, pa za foni ana athu anatidutsa kalekale. Funsani mphunzitsi aliyense wa pa sukulu yogonera pompo zimene amapeza m'mafoni olandidwa kuhositelo: timakanema todulidwa bwino, toikidwa nyimbo ndi mawu m'munsi, ntchito ya mwana wa Fomu 3 amene palibe anamuphunzitsa. Ndiye timutenge mwana ameneyu, timulipiritse fizi ya zaka zinayi, kuti lekichala wa msinkhu wanga akamuonetse podina?

Sindikunena kuti zipangizo zisakhalepo ayi. MIJ ku Blantyre ili ndi wailesi yake, ku Zomba kuli wailesi ya Chanco, ndipo wophunzira amene anakhalapo pa maikolofoni nthawi ya nkhani itakwana amadziwa zimene buku silingamuuze. Koma kagwiritsidwe ntchito ka chipangizo ndi phunziro la masabata, lobwerezabwereza moyo wonse wa ntchito, monga mmene ife amatiitanira ku maphunziro a masiku atatu silabasi ikasintha. Zaka zinayi n'zodula. Zipite ku zinthu zimene foni singaphunzitse munthu.

Chimene chimandiwawa kwambiri, monga mphunzitsi wa Chichewa, ndi chilankhulo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi. Ambiri mwa iwo nkhani amaimva ndi khutu, pa wailesi kapena pa uthenga wa mawu wa pa WhatsApp umene mdzukulu wawatsegulira, ndipo amaimva m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilhomwe, m'Chisena, m'Chitonga. Zodiak inakula msanga chifukwa inasankha kulankhula ndi anthu amenewa. Kumbukiraninso mlandu wa chisankho cha 2019. Mawailesi ankaulutsa zochitika m'khoti tsiku ndi tsiku, womasulira akutembenuzira m'Chichewa, ndipo m'maminibasi, m'misika ndi pa mabawo anthu ankatsutsana za tipeksi ndi madando ngati maloya, mpaka chigamulo chinaperekedwa pa 3 February 2020. Amene amati Mmalawi wamba satsata nkhani yovuta sanakwere minibasi miyezi imeneyo.

Nanga mtolankhani wathu timamukonza bwanji? Kuti alowe ku yunivesite timafuna kirediti ya Chingerezi pa MSCE. Kumeneko amaphunzira m'Chingerezi, mayeso m'Chingerezi, kafukufuku womaliza m'Chingerezi. Tsiku loyamba pa ntchito mkonzi amamupatsa pepala n'kumuuza kuti nkhani za m'Chichewa zayandikira, amasulire msanga. Zotsatira zake timazimva tonse madzulo: Chichewa chovala jekete ya eni. Pa wailesi ina, sinditchula dzina, ndinamvapo kuti apolisi atsimikiza za chitukukochi, pamene nkhani yake inali ya munthu wopezeka atafa m'dambo. Mwanayo anaona mawu oti development pa pepala n'kutola tanthauzo loyamba limene analidziwa. Tinaseka, koma agogo amene anamva nkhani imeneyo sanaseke. Mawu onse anali a Chichewa, nkhani yokha osaigwira.

Chitsanzo chimene ndimakonda kupatsa ana anga m'kalasi ndi cha November 2023. Banki yaikulu ya Reserve inasintha mtengo wa dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Nkhani imene inafala ponseponse inali yoti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Mwana wa Fomu 2 wodziwa masamu akhoza kukuonetsani kuti chimene chinakwera ndi 44 peresenti ndi mtengo wa dola. Kwacha inataya pafupifupi 31 peresenti ya mphamvu yake, pakuti K1,000 imene inkagula masenti 85 a ku America inayamba kugula masenti 59. Manambala awiriwa ndi osiyana, ndipo onse awiri sanayankhe funso la mayi wogulitsa mandasi, loti ufa wa tirigu ndi mafuta ophikira zikwera ndi zingati, komanso chifukwa chiyani shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, wolimidwa konkuno, nayenso akwere mtengo. Kuyankha funso limenelo kumafuna munthu wodziwa za chuma, wodziwa masamu, wodziwanso Chichewa chonenera zonsezo m'mphindi ziwiri. Kamera, ngakhale yodula bwanji, pamenepo ilibe mawu.

Apa ndi pamene okonda makina akuphonya mfundo yawo yomwe. Ntchito imene makina akulanda ndi iti? Ndi yotenga chikalata cha Chingerezi chochokera ku unduna kapena ku bungwe, kuchifupikitsa, n'kuchiika mutu. Imeneyo ChatGPT imaimaliza usanaphethire, ndipo sipempha ya thiransipoti. Ntchito imene makina sakuitha ndi yokakhala pa mkeka ndi anyakwawa ku Nsanje madzi atasefukira, kumva zimene akunena ndi zimene akuzemba kunena, n'kubwera nazo m'chilankhulo chimene eni dera achivomereze kuti n'chawo. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma taipatsani mwambi kapena mawu a pa maliro muone zimene ikubwezereni. Ndiye kuti kusintha kwa makinaku kwakweza mtengo wa zilankhulo za kwathu, ndipo sukulu imene ikusula mwana pa Chingerezi chokha ikumukonzera ntchito imene yalandidwa kale. Digiri ya utolankhani m'dziko muno iyenera kukhala ndi phunziro la kulemba ndi kuulutsa m'chilankhulo cha Amalawi chaka chilichonse mwa zinayizo, ndipo wolephera phunziro limenelo asavale gauni. Ophunzitsa alipo. Ku Centre for Language Studies ku Zomba kuli akatswiri, ndipo alipo akadaulo amene analembapo Tamvani, Tikambe, Fuko ndi Boma Lathu kwa zaka zambiri, ngakhale ena mwa iwo alibe pepala la masitazi loti awalembere ntchito ya ulekichala. Pomwepa ndinene kwa anzanga a m'sukulu zimene zimapatsabe mwana chibalo chotchetcha udzu chifukwa walankhula Chichewa pa khonde: mukumulanda khasu limene akanadzalimira.

Wina anena kuti ndikukokomeza, Chichewa chopotoka sichinaphepo munthu. Koma bodza lonenedwa m'chilankhulo cha anthu linapha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayenda m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa ndi magulu olusa. Mu May 2021 boma linatentha katemera wa Covid-19 woposa 19,000 amene anatha mphamvu asanabayidwe, pa nthawi imene mauthenga oopseza anthu za katemerayo anali mbwee m'mafoni. Wofalitsa bodza salemba Chingerezi cha ku yunivesite. Amalankhula ngati malume ako, mawu ake amafika usiku pa gulu la mpingo kapena la m'mudzi, kukamacha aliyense wamva. Womutsutsa ayenera kudziwa kufufuza kumene chithunzi chachokera ndi tsiku limene chinajambulidwa, kuimbira dokotala wa pa chipatala cha boma, kenako n'kuyankha m'mawu ogwira mtima mofanana ndi a wabodzayo. Phunziro la makina la mtundu umenewu, lophunzitsa mwana kukayika chimene foni yamuonetsa, ndiye ndikulivomera ndi manja awiri.

Palinso malamulo ndi zikalata. Atolankhani, motsogozedwa ndi MISA Malawi, anamenyera kwa zaka zoposa khumi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata ndi mauthenga m'maofesi a boma. Linasainidwa mu 2017, n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Lamulo lotere likangokhala m'kabati limachita dzimbiri. Ine ndikanakhala wolemba silabasi, wophunzira aliyense wa chaka chachitatu akanalembera khonsolo ya kwawo kufunsa mmene ndalama za chitukuko cha m'dera zayendera, n'kulondola pempholo mpaka yankho litabwera, kapena mpaka kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission imene imayang'anira lamuloli. Malikisi ake akanachokera pamenepo. Kuba kwa Cashgate mu 2013 kunachitikira m'makompyuta a boma, m'dongosolo lolipirira la IFMIS, koma woti akumvetse anayenera kudziwa mmene cheke cha boma chimatulukira ndi amene amachisainira. Chimodzimodzi nkhani ya K6.2 biliyoni ya Covid-19 imene inavuta mu 2021. Malipoti a mkulu wofufuza mabuku a ndalama za boma amatuluka okhuthala ngati mtanthauziramawu, ndipo amafuna maso ozolowera mizere ya manambala.

Mu April 2022 apolisi anagwira Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism, namulanda foni ndi laputopu, pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata cha nkhani imene analemba. Foni yomweyo imene tikuitama kuti yafewetsa ntchito ndiyo imasunga dzina, nambala ndi mauthenga a kalaliki amene waika ntchito yake pachiswe pokuuza zoona. Mwana wotuluka ku koleji osadziwa kuteteza munthu wotereyo ndi woopsa kwa aliyense womukhulupirira. Adziwenso kuti gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino limamupatsa ufulu wofalitsa nkhani, kuti lamulo la 2016 la za pa intaneti lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zimene alemba, ndi kuti mu July 2025 khoti linathetsa gawo la malamulo limene linkalola kuti munthu amangidwe pa mlandu woipitsa mbiri ya mnzake, ngakhale wolakwiridwayo akhozabe kukusumira kuti umulipire.

Tsopano ndifike pa mabwana oyendetsa nyumba zofalitsa nkhani, pakuti mutu wa nkhani wagona pamenepa. Ife aphunzitsi timaudziwa bwino mchitidwe wotenga katswiri wophunzitsa Biology n'kumukweza kukhala hedimasitala, osamuphunzitsa kusunga mabuku a ndalama kapena kuweruza milandu ya antchito. Sukulu imataya mphunzitsi wabwino n'kupeza hedimasitala wosokonezeka mutu. Ku nyumba zofalitsa nkhani n'chimodzimodzi. Wolemba bwino amasanduka mkonzi, mkonzi amasanduka manijala, tsiku lina n'kupezeka wakhalira bilu ya magetsi, ya dizilo wa jenereta, ya chiphaso cha MACRA ndi malipiro a anthu makumi atatu, chida chake chili cholembera chofiira basi.

Ndipo pamene makina aluma kwambiri ndi pa thumba la nyumba zimenezi. Wogulitsa galimoto kapena wofuna wantchito, amene kale ankalipira kadanga m'nyuzipepala, lero amangoika pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp. Mapepala osindikizira ndi ochokera kunja, kwacha ikangogwa mtengo wake umakwera. Otsatsa malonda akuluakulu ndi owerengeka, boma, makampani a mafoni, mabanki ndi mabungwe, ndipo aliyense wa iwo ali ndi nkhani imene sangakonde kuti ituluke. Mu 2022 MACRA inalanda ziphaso za nyumba zingapo, kuphatikizapo Rainbow TV, chifukwa cha ngongole za ziphasozo. Mawailesi ambiri a m'madera amapumira mapulogalamu olipiridwa ndi mabungwe, pulojekiti ikatha mpweya nawo umachepa.

Mathero a zonsezi ndi kaenvelopu. Aliyense amene anakonzapo msonkhano woitana atolankhani amaudziwa mzere uja wa pa bajeti, wa chipondamthengo, ena amati ya thiransipoti. Mmodzi mwa ana anga akale anagwira ntchito pa wailesi ina miyezi isanu ndi itatu osalandira kanthu, akumuuza kuti akuphunzira ntchito, ndipo sopo ndi lendi zinkachokera m'maenvelopu omwewo. Ku koleji anakhoza bwino kwambiri phunziro la khalidwe loyenera la mtolankhani. Kodi timudzudzule? Muphunzitseni mwana mfundo za Media Council of Malawi mpaka aziloweze pamtima, koma ngati bwana wake sadziwa kopeza ndalama zomulipira, amene wamupatsa K10,000 pa msonkhano ndiye mkonzi wake weniweni. Nkhani yoipa ya bwana ameneyo sidzatuluka, ndipo palibe adzachite kumuopseza mwanayo, njala yokha idzamuuza chochita. N'chifukwa chake ndikuti phunziro la khalidwe liyambire kwa manijala.

Maphunziro a mamanijalawa asakhale a mwana wongochoka ku Fomu 4, amene sanayendetsepo ngakhale kwaya. Akhale a anthu amene ali kale pa ntchito, a Loweruka ndi Lamlungu kapena a masabata awiri pa teremu, kuti wa ku Karonga ndi wa ku Chikwawa athe kufika osatseka wailesi yake. MUBAS, imene mpaka 2021 tinkaitcha Polytechnic, ili ndi aphunzitsi a utolankhani ndi a zamalonda mumpanda umodzi, ndiye malo a ntchito yotereyi si ochita kufuna. Aliyense abwere ndi mabuku enieni a ndalama a nyumba yake. Aphunzire kuwerengera mtengo wa mphindi imodzi ya pa wailesi, kudziwa amene akumvera ndi nthawi imene amamvera m'malo mongodzitama kuti timamveka dziko lonse, malamulo a ntchito ndi malipiro, njira zotolera tindalama kwa omvera ndi owerenga kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, komanso kukana wotsatsa malonda amene akufuna kugula danga pamodzi ndi nkhani. Chomalizachi sichitheka ndi kulimba mtima kokha. Chimatheka manijala akakhala ndi mipopi itatu yobweretsa ndalama, kuti wokwiya akatseka umodzi, antchito alandirebe pakutha pa mwezi.

Ndikulidziwa yankho la olemba ntchito. Amati akufuna mwana wodziwa zonse, wojambula, wodula kanema, wolemba, woika pa intaneti, woulutsa mawu. Tamvetsani bwino pempho limeneli. Akufuna munthu mmodzi agwire ntchito za anthu anayi pa malipiro a mmodzi, ndipo akufuna makolo alipire maphunziro amene kampani inayenera kupereka yokha mwezi woyamba wa ntchito. Yunivesite siinamangidwe kuti izichepetsera makampani bajeti. Enanso amati digiri njosafunika poti aliyense wokhala ndi foni ndi mtolankhani. Amenewo ndawayankha kale ndi anamapopa aja.

A NCHE akamayendera sukulu zophunzitsa utolankhani, zaboma ndi zomwe si zaboma, kuwerenga makompyuta ndi mipando n'kosavuta, ndipo sukulu yochenjera ikhoza kubwereka zonsezo tsiku la alendo, monga mmene ena amalembera masikimu usiku akamva kuti oyendera sukulu akubwera mawa. Ine ndikanakonda aziona mayeso omaliza, ndipo mayeso amene ndikanakonza ine ndi awa. Wophunzira apatsidwe masamba khumi a lipoti la ndalama za khonsolo ina, foni yokhala ndi mayunitsi, ndi tsiku limodzi. Madzulo abweretse nkhani ya pa wailesi ya mphindi zitatu, m'Chichewa kapena m'chilankhulo china cha dera limenelo, yokhala ndi mawu a mbali zonse zokhudzidwa. M'mawa mwake apite nayo pa chigayo, akaimvetsere amayi asanu amene akudikira ufa, lekichala ataima poteropo ndi kope lake. Akamaliza kumvera afunsidwe kuti ndalama zinali zingati, zinayenera kugwira ntchito yanji, ndipo zinathera kuti. Atatu mwa asanuwo akayankha, mwanayo wakhoza. Akalephera abwereze chaka, ngakhale kanema wake wa pa TikTok ataonedwa ndi anthu 100,000.